Sukulu ikamatsegulidwa, makolo achiyuda a ana aulumali amakhala atayenda kale mtunda wautali

Mumzinda wa New York, chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, koma kwa makolo ena chimayambira pa kalata yomwe iyenera kufika ku ofesi ya zamaphunziro pasanadutse pa 1 Juni. Amalemba kalatayi ndi makolo a ana aulumali omwe amaphunzira m'sukulu zomwe si za boma. Zolembamo n'zochepa: kuti chaka chamawa mwanayo adzafunabe thandizo lomwe lamulo limamupatsa, kaya mphunzitsi wapadera, katswiri womuthandiza kulankhula, mafizo, kapena munthu wokhala naye pambali m'kalasi. Kwa zaka zambiri akuluakulu ankawalekerera ochedwa. Mu 2024 anakhwimitsa lamulo, ndipo ana masauzande anafika tsiku lotsegulira sukulu opanda thandizo lomwe anali nalo chaka chapitacho. Pakati pawo panali ana ambiri a m'sukulu zachiyuda.

Kalata imeneyi ndi kachigawo chabe ka vuto lalikulu. Mwana wachiyuda yemwe ali ndi autism (vuto lomwe limakhudza kulankhula ndi kucheza ndi ena), Down syndrome, vuto la kumva kapena lowerenga amafunika zinthu ziwiri. Amafunika akatswiri omwe ndalama zake zili m'manja mwa boma. Amafunikanso kukulira pakati pa anthu akwawo, kuphunzira mapemphero omwe abale ake akuphunzira, kudya zomwe kwawo amadya ndi kupuma masiku omwe kwawo amapuma. Ku America zinthu ziwirizi sizipezeka kawirikawiri pa khomo limodzi, ndipo ntchito yonse yomwe makolo ndi mabungwe amagwira sukulu isanatsegulidwe ndi yoyesa kuzilumikiza.

Ayuda a ku America alipo pafupifupi 7.5 miliyoni, ndipo sali amodzimodzi. Ambiri amatumiza ana awo ku sukulu za boma, kenako Lamlungu kapena madzulo a masiku ena anawo amapita ku sunagoge kukaphunzira Chiheberi ndi miyambo. Koma pali ena, makamaka a gulu la Orthodox lomwe limasunga malamulo achipembedzo mosaphonya, omwe sukulu yachiyuda ya tsiku lonse saiona ngati chinthu chosankha. Kalembera wa chaka cha 2018 mpaka 2019 anapeza ana oposa 290,000 m'sukulu zotere zoposa 900, zambiri zili ku New York ndi New Jersey. M'banja la ana asanu ndi mmodzi, asanu akamakwera basi yopita ku yeshiva, monga amatchulira sukuluzi, wachisanu ndi chimodzi amaona ndipo amafunsa chifukwa chomwe iye akukwerera ina.

Lamulo lomwe limateteza ana aulumali ku America linakhazikitsidwa mu 1975, ndipo kuchokera mu 1990 limadziwika ndi dzina loti IDEA. Limati mwana aliyense waulumali ali ndi ufulu wa maphunziro aulere omuyenera, ndipo sukulu iyenera kukhala pansi ndi makolo n'kulemba ndondomeko ya mwanayo payekha, yotchedwa IEP. Mundondomekomo mumalembedwa zomwe mwana akutha panopa, zomwe ayenera kufikira pakutha pa chaka, ndiponso maola omwe katswiri aliyense azimuona pa mlungu. Ana pafupifupi 15 mwa 100 aliwonse a m'sukulu za boma amathandizidwa kudzera mu lamuloli.

Pamene pagona nkhani ndi apa: ufulu wonsewo umagwira ntchito mokwanira mwana akakhala pa sukulu ya boma. Makolo akasankha okha sukulu yomwe si ya boma, lamulo la dziko lonse silimulonjezanso mwanayo thandizo lake lonse. Limangouza ofesi ya zamaphunziro ya deralo kuti ipatule kagawo ka ndalama koti ana onse a m'sukulu zoterezo agawane. Chigawo cha New York chinawonjezera lamulo lakelake lopatsa mwana aliyense wotere ndondomeko yake, n'chifukwa chake kuli kalata ya pa 1 Juni ija, koma zigawo zambiri zilibe lamulo lotero. Komanso lamulo lina lalikulu la mu 1990, loletsa kusala anthu aulumali m'malo ochitiramo malonda ndi ntchito zina, linasiya kunja mabungwe achipembedzo pa nkhani ya malo awo. Choncho sukulu yachiyuda ikauza kholo kuti pepani, mwana wanu sitingamuthe, nthawi zambiri siinaphwanye lamulo lililonse.

Ife omwe tinazolowera kuona sukulu za mishoni zili ndi aphunzitsi olipidwa ndi boma tingadabwe kuti chovuta n'chiyani. Ku America malamulo aakulu a dziko amaletsa boma kukhazikitsa kapena kukondera chipembedzo, ndipo makhoti akhala akukokana kwa zaka zambiri pa funso loti ndalama ya msonkho ingalowe mpaka pati m'sukulu ya mpingo. Ana aulumali achiyuda ndi ena mwa omwe mkanganowu unawapweteka kwambiri.

Nkhani ya mudzi wa Kiryas Joel imaonetsa bwino. Mudziwu uli kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa New York, ndipo okhalamo ndi Ayuda a gulu la Satmar, omwe amalankhula Chiyidishi kunyumba, amavala mosiyana ndi anthu ena, ndipo anyamata ndi atsikana amaphunzira padera. Chapakati pa zaka za m'ma 1980 aphunzitsi a boma ankabwera kudzathandiza ana aulumali m'nyumba yoyandikana ndi sukulu yachipembedzo ya m'mudzimo. Mu 1985 khoti lalikulu kwambiri la dzikolo, pa mlandu wina wosiyana, linagamula kuti aphunzitsi a boma asamakaphunzitse m'sukulu za chipembedzo. Ana aja anayamba kutumizidwa ku sukulu za boma za m'dera la Monroe-Woodbury. Makolo ambiri anawachotsako, ponena kuti anawo ankagwidwa ndi mantha aakulu pokhala pakati pa anthu omwe chinenero ndi makhalidwe awo n'zachilendo kwa iwo. Mu 1989 boma la New York linapatsa mudziwo ofesi yakeyake ya zamaphunziro, yomwe inatsegula sukulu imodzi yokha, ya ana aulumali. Mu 1994 khoti lomwe lija linati zimenezo ndi kukondera chipembedzo. Aphungu a chigawocho analemba malamulo ena kangapo mpaka sukuluyo inapulumuka, ndipo mu 1997 khotilo linasintha maganizo pa chigamulo chake cha mu 1985. Zaka khumi ndi ziwiri zimenezo zinali ubwana wonse wa ana ena.

Mkanganowu sunathe. Ku California, boma likalephera kuphunzitsa mwana waulumali m'sukulu zake limatha kumulipirira pa sukulu yapadera yomwe si ya boma, koma lamulo linkati sukuluyo isakhale ya chipembedzo. Mu 2023 mabanja a Orthodox pamodzi ndi sukulu ziwiri zachiyuda za ku Los Angeles anakasuma, ndipo mu Okutobala 2024 khoti la apilo linagwirizana nawo kuti kutsekera kunja sukulu chifukwa choti ndi yachipembedzo ndi kuphwanya ufulu wopembedza.

Njira yomwe mabanja ambiri a ku New York amadutsa inalimbikitsidwa ndi mlandu wa mu 1993, womwe anthu amangoutchula kuti Carter. Chigamulo chake chinati ngati sukulu ya boma yalephera kupereka maphunziro omuyenera mwana, makolo angathe kumupititsa ku sukulu ina n'kuuza boma kuti libweze fizi. Pongomva zikumveka zabwino. Pochita, kholo liyenera kupita ku msonkhano wa IEP, likaone sukulu yomwe boma lasankha, lilembe zifukwa zomwe sukuluyo siikukwanira, kenako litumize chidziwitso kutatsala masiku 10 ogwira ntchito kuti limusamutse mwanayo. Ndiye chifukwa chake kumapeto kwa Ogasiti, anzawo akusankha zikwama ndi nsapato, makolo awa amakhala pa foni ndi maloya. Akatero amalipira fizi kapena kusainira ngongole, n'kudikira mlandu womwe ungatenge miyezi yambiri. Ngakhale apambane, nthawi zambiri gawo la fizi lokhudza maphunziro achipembedzo limachotsedwa. Ndipo chaka chamawa amayambiranso poyamba.

Ndalama zake si zamasewera. Sukulu yachiyuda wamba imatha kulipiritsa kuyambira madola 10,000 mpaka kupitirira 40,000 pa mwana mmodzi pachaka, ndipo sukulu yapadera ya ana aulumali kawirikawiri imaposa madola 50,000. Banja lokhala ndi ana angapo limakhala litabooka kale m'thumba lisanafike pa mwana wofunika zambiriyo. Mzinda wa New York wokha wafika powononga madola oposa 1 biliyoni pachaka pa milandu yotereyi, ya ana a mitundu ndi zipembedzo zonse. Kumapeto kwa 2022 nyuzipepala ya New York Times inalemba kuti makampani ena othandiza ana m'sukulu za Ayuda a Hasidic, mbali ina ya Orthodox yomwe a Satmar aja alimo, ankalandira ndalama zankhaninkhani m'njira zokayikitsa, ndipo atsogoleri a kumeneko anatsutsa kuti nkhaniyo inadetsa mtundu wonse. Kukhwimitsa kwa mu 2024 kunabwera nkhani za chinyengo zili m'kamwam'kamwa. Ine ndikuona kuti woba ndalama za ana aulumali ayenera kulangidwa kolimba, chifukwa amene akumubera ndi mwana yemweyo. Koma kumulanda mwana wosalankhula mphunzitsi wake chifukwa amayi ake anachedwa ndi kalata sikugwira wakuba aliyense.

Mapepala akatha, pamabwera kalendala. Ana ambiri a autism amakhazikika mtima pansi akadziwa chomwe chikubwera: basi imafika nthawi yakuti, mpando wanga ndi uwu, tikadya timapita panja. Mphunzitsi aliyense wa ana otere amadziwa kuti milungu yoyamba ya teremu ndi yomanga chizolowezi chimenechi. Tsono kwa Ayuda milungu yomweyo ndi yomwe muli zikondwerero zazikulu za chaka. Taonani mmene zinalili mu 2025. Sukulu zinatsegulidwa kumayambiriro kwa Seputembala. Pa 23 ndi 24 Seputembala panali Rosh Hashanah, Chaka Chatsopano. Pa 2 Okutobala panali Yom Kippur, Tsiku la Chitetezo, lomwe akuluakulu amasala kudya ndi kumwa kwa maola pafupifupi 25. Pa 7 Okutobala chinayamba chikondwerero cha misasa, Sukkot, ndipo zonse zinatha pa 15 Okutobala ndi Simchat Torah. Masiku 7 oletsedwa kugwira ntchito, kulemba kapena kukwera galimoto anagwera onse mkati mwa mlungu. Sukulu zambiri zachiyuda zimatseka nyengo yonse ya misasa. Za boma mumzinda wa New York zimatseka pa Rosh Hashanah ndi Yom Kippur pokha, choncho mwana wa banja losunga miyambo yemwe ali kumeneko amajomba masiku otsalawo, ndipo maola ake a katswiri amapita padera.

Zotsatira zake n'zakuti mwana amangoyamba kumuzolowera mphunzitsi watsopano, sukulu yatsekedwa. Abwerera masiku atatu, yatsekedwanso. Makolo ambiri amawerengera kuti chaka chenicheni chimayamba zikondwerero zikatha, chapakati kapena kumapeto kwa Okutobala.

Zikondwererozo nazonso zili ndi zake. Pa Rosh Hashanah amaliza lipenga la nyanga ya nkhosa lotchedwa shofar, ndipo mwamwambo limalira ka 100 pa tsiku, m'chipinda chodzaza anthu. Kwa mwana yemwe phokoso limamulasa m'makutu, imeneyo ndi nthawi yowawa. Mwayi wake ndi woti mwezi wonse wa Elul, womwe umatsogolera chikondwererochi, lipengalo limalizidwa pang'ono m'mawa uliwonse wa masiku a ntchito, ndipo makolo amagwiritsa ntchito mwambowu pomuzoloweretsa. Tsiku loyamba amamuimika panja pa sunagoge, chitseko chili chotseka, zotchinga phokoso zili m'makutu. Mawa lake ayandikira pakhomo. Kunyumba amamupatsa nyangayo aigwire, ainunkhize, auziremo yekha. Masunagoge ena amakonza mapemphero aafupi a mabanja otere, ndipo palinso anthu omwe amayenda pansi khomo ndi khomo kukaliza lipenga kwa omwe sangathe kufika. Patapita milungu iwiri, banja lonse limayamba kudyera m'kamsasa kofoleredwa ndi masamba panja pa nyumba, ndipo mwana yemwe sadya pokhapokha atakhala pa mpando wake wa masiku onse amayenera kuphunzitsidwanso.

Chida chomwe makolo ndi aphunzitsi amadalira kwambiri ndi kabuku ka zithunzi. Kutatsala masiku ochepa kuti sukulu itsegulidwe, kholo limapempha kulowa m'kalasi muli zii. Limajambula chitseko, pokoleka chikwama, chimbudzi, nkhope ya mphunzitsi, ndi mpope womwe ana amasamba m'manja ndi kapu ya zigwiriro ziwiri asanadye buledi. Pansi pa chithunzi chilichonse amalemba chiganizo chimodzi chachifupi, ndipo usiku uliwonse amawerenga limodzi. Makolo ambiri amalembanso tsamba limodzi lopita kwa mphunzitsi, chifukwa IEP ndi chikalata chokhuthala chomwe si onse amachiwerenga sukulu isanayambe. Patsambalo pamakhala zomwe dokotala salemba: akayamba kung'ung'udza ndiye kuti watopa, musamugwire paphewa mwadzidzidzi, mukafuna amvetsere tchulani za sitima zapamtunda.

Pa sukulu yachiyuda tsiku limagawidwa pawiri, gawo la chipembedzo ndi gawo la masamu, sayansi ndi Chingerezi. Ndiye kuti aphunzitsi ndi awiri kapena kuposa, maola ndi ochuluka, ndipo zilembo n'zamitundu iwiri. Chiheberi chimawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo mavawelo ake ndi timadontho ndi timizere ta pansi ndi pambali pa zilembo. Mwana wa dyslexia, vuto lowerenga lija, yemwe akulimbana kale ndi Chingerezi amapatsidwa katundu wachiwiri ali ndi zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Katswiri wotumidwa ndi boma ntchito yake ndi ya maphunziro wamba, kotero theka la tsiku lomwe banja limaliona kukhala lofunika koposa ndi lomwe limasowa womuthandiza.

Kwa omwe ali pa sukulu ya boma, nkhawa zimatembenuka. Akatswiri ena amaphunzitsa popereka kamphoto ka chakudya, ndipo kholo liyenera kufotokoza pasadakhale kuti switi iliyonse ikhale yovomerezeka mwa malamulo achiyuda a zakudya otchedwa kosher, ndiponso kuti nyama ndi mkaka sizidyedwa pamodzi. Mwana yemwe sangathe kudzinenera yekha sangakane chomwe wapatsidwa. M'nyengo yozizira dzuwa limalowa nthawi ya 4 koloko itangopitirira, ndipo Lachisanu ayenera kukhala atafika kunyumba Sabata lisanalowe. Mwana wa ku Williamsburg kapena Borough Park, madera a mumzinda wa New York okhala Ayuda ambiri, yemwe amamva Chiyidishi chokha akayesedwa nzeru mu Chingerezi amaoneka wobwerera m'mbuyo kuposa mmene alili, n'chifukwa chake makolo amaumirira kuti womuyesa akhale wodziwa zinenero zonse ziwiri.

Palinso funso lomwe limandikhudza kwambiri. Ana ambiri osalankhula masiku ano amalankhulira pa tabuleti: akadina chithunzi cha madzi, makinawo amatchula kuti ndikufuna madzi. Sukulu imalimbikira kuti aigwiritse ntchito tsiku lililonse. Koma pa Sabata ndi pa zikondwerero, banja la Orthodox siligwira zamagetsi. Kodi mwana akhale chete tsiku lomwe banja lonse likuimba ndi kucheza pa tebulo? Mabanja amapita nalo funsoli kwa rabi wawo, ndipo mayankho amasiyana malinga ndi mwanayo komanso gulu lomwe ali. Ena amaloledwa kuigwiritsa ntchito. Ena amasindikiza zithunzi zomwezo pa pepala lolimba kuti mwana aziloza ndi chala. Ku Israel kuli bungwe la Zomet lomwe limapanga zipangizo, kuphatikizapo njinga zamagetsi za olumala, zokonzedwa mwanjira yoti zigwirizane ndi malamulo a Sabata. Kukonza mapepala a zithunzi amenewo ndi imodzi mwa ntchito za mu Ogasiti.

Katundu yenseyu banja limodzi silingamusenze, ndipo Ayuda amanga mabungwe ambiri oti athandizane. Ochuluka anayambitsidwa ndi makolo kapena aphunzitsi omwe anatopa ndi kubwezedwa pakhomo. HASC inayamba ku New York mu 1963 ngati sukulu ya ana aulumali wa ubongo, ndipo pambuyo pake inatsegula kampu ya m'chilimwe kumapiri a Catskills, komwe achinyamata amakhala milungu ingapo akudyetsa, kusambitsa ndi kusewera ndi ana. Mu 1970 Herb ndi Barbara Greenberg anayambitsa pulogalamu ya Tikvah m'makampu achiyuda a m'chilimwe otchedwa Ramah, panthawi yomwe ambiri ankaopa kuti makolo a ana ena athawa. Ku Chicago makolo anakhazikitsa Keshet mu 1982. Yachad, nthambi ya bungwe lalikulu la Ayuda a Orthodox lotchedwa Orthodox Union, inayamba mu 1983. Ku Boston kuli Gateways, yomwe imatumiza akatswiri m'sukulu zachiyuda komanso imakonzekeretsa ana mwambo wa bar mitzvah ndi bat mitzvah, pomwe mnyamata wa zaka 13 kapena mtsikana wa zaka 12 kapena 13 amalandiridwa ngati wamkulu pa zachipembedzo. Matan, ku New York, imaphunzitsa aphunzitsi a m'masunagoge, ambiri mwa iwo anthu ongodzipereka omwe sanaphunzirepo za ulumali.

Pa onsewa, njira ya SINAI Schools ku New Jersey, yomwe inayamba mu 1982, ndi yomwe imayankha mwachindunji vuto la zinthu ziwiri lija. Sanamange sukulu yawo kumbali. Amatsegula makalasi awo mkati mwa sukulu zachiyuda zomwe zilipo kale. Mwana amakhala ndi aphunzitsi ndi akatswiri akeake, koma amalowera pa chipata chimodzi ndi anzake, amapemphera nawo, amadya nawo, ndipo pa phunziro lomwe angalithe amakakhala m'kalasi yawo. Mtengo wake ndi waukulu, ndipo mbali yaikulu imachokera kwa anthu akufuna kwabwino.

Thandizo lina ndi la m'nyumba. Friendship Circle, yomwe Rabi Levi Shemtov ndi mayi Bassie Shemtov a gulu la Chabad anayambitsa ku Michigan mu 1994, imatumiza achinyamata a kusekondale kukacheza ndi mwana kwawo mlungu uliwonse. Sapita ngati aphunzitsi. Amapita kukasewera naye, chifukwa mwana amene waonana ndi akatswiri asanu pa mlungu angathe kukhala wopanda mnzake ndi mmodzi yemwe. Ola limenelo mayi amapeza mpata wosamba mosathamanga kapena wothandiza mwana wina homuweki. Nthawi yomwe thandizo lotere limafunika kwambiri ndi milungu ya pakati, makampu atatseka koma sukulu isanatsegulidwe, pomwe makolo ogwira ntchito amasowa mtengo wogwira. Mabungwe ena amakonza zochita za masana za milungu imeneyo. Palinso mwambo wakale wa gemach, komwe munthu amasunga katundu m'galaja mwake n'kumabwereketsa ulere: njinga za olumala, mipando yosambira, mayunifolomu, zikwama. Ku Israel mwambowu unakula mpaka kukhala bungwe la Yad Sarah, lomwe Uri Lupolianski anayambitsa m'zaka za m'ma 1970 ku Jerusalem ndipo limabwereketsa zipangizo zachipatala m'dziko lonselo.

Si bwino kuijambula nkhaniyi ngati ya chikondi chokhachokha. Mabungwewa anabadwa chifukwa zitseko zinali zotseka, ndipo zina zikadali zotseka. M'madera omwe maukwati amakonzedwa kudzera mwa ankhoswe, mabanja ena akhala akubisa ulumali wa mwana poopa kuti abale ake adzasowa owakwatira. Mwana wobisidwa amachedwa kuyesedwa, ndipo zaka zoyambirira zomwe thandizo limagwira bwino ntchito zimadutsa. Manyazi amenewa achepa kwambiri poyerekeza ndi kale, mwa zina chifukwa achinyamata masauzande omwe anagwirapo ntchito m'makampu aja tsopano ndi makolo, aphunzitsi ndi atsogoleri a masunagoge. Kuyambira mu 2009, mwezi wa Febuluwale unapatulidwa kuti Ayuda azikambirana za ulumali poyera.

Omenyera ufulu wa anawa amatsutsa anzawo pogwiritsa ntchito mabuku achipembedzo omwewo. Amakumbutsa kuti Mose anali wolemera pakamwa, ndiponso kuti Levitiko amaletsa kuika chokhumudwitsa patsogolo pa wakhungu. Amasimba za Rabi Preida wa mu Talmud, buku lakale la malamulo ndi ziphunzitso za arabi, yemwe anali ndi wophunzira wosamva msanga ndipo ankamubwerezera phunziro lililonse ka 400. Koma m'malamulo akale omwewo munthu wosamva ndi wosalankhula anaikidwa m'gulu la omwe sawerengeredwa udindo wachipembedzo, chifukwa panthawiyo anthu ankaganiza kuti sangaphunzitsidwe. Atsogoleri ambiri a masiku ano amati zimenezo sizikhudza munthu yemwe waphunzira ndipo amatha kufotokoza maganizo ake. Kukambirana kumeneku kumafika mpaka m'kalasi, chifukwa sukulu ikakhulupirira kuti mwana adzaimirira pamaso pa mpingo pa bar mitzvah yake, imayamba kumuphunzitsa zilembo lero.

Ku Israel mkangano wa boma ndi chipembedzo pa sukulu kulibe mwa mtundu umenewu, chifukwa boma lenilenilo limayendetsa ndi kuthandiza sukulu zachipembedzo, ndipo kalendala ya dziko imatsata zikondwerero. Lamulo la maphunziro apadera linakhazikitsidwa mu 1988, ndipo kusintha kwa mu 2018 kunapatsa makolo mphamvu yosankha ngati mwana apite ku sukulu yapadera, ku kalasi yapadera ya pa sukulu wamba, kapena m'kalasi wamba. Dandaulo lomwe limamveka chaka ndi chaka pa 1 Seputembala ndi la kuchepa kwa othandizira m'kalasi ndi akatswiri. Ku Jerusalem kuli Shalva, yomwe Kalman ndi Malki Samuels anayambitsa mu 1990 kuti ana azikhala ndi kopita akaweruka ndipo makolo azipumako. Gulu lake loimba linasiya mpikisano wosankha woimira Israel ku Eurovision, mpikisano wa nyimbo wa maiko a ku Ulaya, mu 2019 chifukwa zokonzekera zinkagwera pa Sabata, ndipo linadzaimba ngati alendo pa ndime ya semifainolo ku Tel Aviv.

Ku England sukulu zambiri zachiyuda zimalandira ndalama za boma, ndipo pa chikalata cha mwana chofanana ndi IEP chotchedwa EHCP, chomwe chinabwera ndi lamulo la mu 2014, makolo angathe kupempha sukulu yomwe akufuna. Nkhondo yawo imakhala ndi makhonsolo omwe amachedwa kapena kukana chifukwa cha ndalama. Ku London kuli Norwood, bungwe lomwe mizu yake inayambira mu 1795, ndi Kisharon ya mu 1976, yomwe inaphatikizana ndi Langdon mu 2023.

Amene muli ku Johannesburg mumawaona Ayuda Loweruka akuyenda pansi m'misewu ya Glenhazel ndi Sandringham. Ku South Africa alipo pafupifupi 50,000, ndipo ana awo ambiri amaphunzira m'sukulu zachiyuda. Kumeneko sukulu imatsegulidwa mu Januwale, choncho zikondwerero zija zimapeza mwana atazolowera kale kalasi yake, ngakhale zimayandikana ndi mayeso a kumapeto kwa chaka. Sukulu za King David zinatsegula King David Ariel ya ana ovutika kuphunzira, ndipo Chevrah Kadisha, bungwe la mu 1888, limayang'anira nyumba ya Selwyn Segal ya anthu aulumali wa ubongo. Zambiri mwa izi zimayenda ndi zopereka za Ayuda eni ake, pamene chiwerengero chawo chakhala chikutsika chifukwa cha kusamukira ku Israel, Australia ndi Britain.

Pomwe thandizo lonseli limaperewera ndi pa malo. Pafupifupi mabungwe onse omwe ndatchulawa ali m'mizinda yomwe muli Ayuda ambiri. Banja lokhala m'tauni ya sunagoge mmodzi ndi sukulu imodzi yaing'ono limadalira mtima wa mphunzitsi wamkulu mmodzi. Akavomera, makolo nthawi zambiri amalipira okha munthu wokhala ndi mwanayo m'kalasi, pamwamba pa fizi. Akakana, kwatsala sukulu ya boma kapena kusamuka, ndipo alipo mabanja omwe amasiya ntchito ndi abale kupita ku New Jersey, New York kapena Israel chifukwa cha mwana mmodzi. Ngakhale m'mizinda ikuluikulu malo ndi ochepa, kotero kufunsira malo a Seputembala wa chaka chamawa kumayamba zikondwerero zikangotha, m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, mwana asanamalize n'komwe teremu yoyamba.